Chalichi ca Likoma ndi Njira ya ku Yofu

Munthu akafuna kudziwa za Likoma asanaoloke nyanja, apeza mabuku a alendo, timapepala toitana anthu oceza, ndi zithunzi zambirimbiri. Ndipo akaziyang'ana zonse adzaona kuti zinena zinthu ziwiri zokha. Cimodzi ndico Chalichi cacikuru ca Petro Woyera ciri pa Cipyela. Cinzace ndiwo mcenga woyera wa m'mbali mwa madzi, ndi milambe yoimirira pamtunda pace. Zonse ziwiri nzoona, mulibe bodza m'menemo. Koma cithunzi cikhoza kunena zoona m'zonse cizionetsa, nicinyengabe munthu cifukwa ca zimene cazisiya kunja. M'nkhani ino tifuna kuyesa cithunzi cimeneci, ndi kuyesanso nchito za manja a anthu ziri pa cisumbuco. Poyesa sitidzaima pa khomo la chalichi, pamene aima ojambula onse. Tidzaima pa Yofu, mudzi wa asodzi uli cakumpoto, umene alendo ambiri angoupitirira, kapena osaufika konse.

Malo ndi anthu ace

Likoma ncisumbu cacing'ono, ca masikweya kilomita 18. Munthu wamphamvu aciyenda ca pansi kucokera kumwera kufikira kumpoto dzuwa lisanapendeke. Pa kalembera wa 2018 anawerenga anthu 14,527 pa Likoma ndi Cizumulu pamodzi. Nthaka yace njamiyala ndi mcenga, yosabala cimanga cokwanira. Cinangwa ndico cipirira, ndipo munda weniweni ndiyo nyanja. Gombe la Mozambique liri pafupi, makilomita owerengeka okha, kotero kuti munthu apenya mapiri ace ndi utsi wa midzi yace; koma ku Nkhata Bay, kumene kuli mtunda wa Malawi, ndi ulendo wa maora ambiri pamadzi. Izi zinatero cifukwa ca pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, limene linapatsa Apwitikizi gombe la kum'mawa, nilisiyira Angerezi zisumbu ziwirizi, popeza Mishoni yao inali itakhazikikapo kale.

Anthu ace sali a mtundu umodzi. Alipo Anyanja, alipo Atonga, alipo ndi abale ao a ku Kobwe ndi ku Msumba amene aoloka kudzagulitsa nkhuni, kudzaona odwala ndi kudzalira maliro. Pamene nkhondo ya ufulu inafika ku Niassa m'caka ca 1964, anthu ambiri a tsidya lija anathawira pa Likoma. Ndipo anadzanso ena m'nkhondo yaciwiri, imene inatha m'caka ca 1992. Pamwamba pa awa pali ogula nsomba ocokera kumtunda, ndi aphunzitsi, anamwino ndi apolisi otumidwa ndi Boma, olankhula Citumbuka, Ciyao ndi Cilomwe m'nyumba zao. Mwana wa pa Yofu akhoza kukhala ndi agogo ace ku Mozambique, amalume ace ku Nkhata Bay, ndi atate ace ku Johannesburg, ndipo palibe amene azizwa naco.

Tsono taonani cinthu cimodzi cimene olemba ambiri saciona. Mudzi umene ugula ufa, ugula nkhuni, ugula mafuta a injini ya bwato, nudikira sitima kuti ipereke zonsezi, suli ngati midzi ya kumtunda imene idya za m'nkhokwe zace. Nyumba zace zioneka za kumudzi, koma makhalidwe ace nga dera la mumzinda. Pakuti moyo wace wapacikika pa doko, pa njira, pa magetsi ndi pa mpopi, monga umo ukhalira moyo wa ku Ndirande kapena ku Kawale. Wa kumtunda njira ikaduka adya cimanga cace nadikira. Wa pa Yofu sitima ikaleka kubwera aona mtengo wa ufa ukukwera sabata lomwelo.

Chalichi monga nchito ya manja

Tiyambe ndi cimene onse acitama, pakuti ciyeneradi kutamidwa. Mishoni ya UMCA inakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885, m'masiku a William Percival Johnson ndi Chauncy Maples. Mwala wa maziko a chalichi unaikidwa ndi Bishopu Gerard Trower m'caka ca 1903. Wolinganiza mamangidwe ace anali Frank George. Anayamba kupempheramo m'caka ca 1905, ndipo anacipatula m'caka ca 1911. Ubwino wace ndiuona m'zinthu zitatu.

Coyamba ndiwo malo ace. Pa Cipyela ndi pamene kale ankatenthera anthu oyesedwa mfiti. Omanga anasankha dala malo a mantha, monga anacitiranso a Mishoni yomweyo ku Zanzibar, kumene anamanga chalichi cao pa msika wogulitsirapo akapolo. Nyumba yomangidwa comweco inena mau isanatsegulidwe ndi pakomwe: kuti pamene anthu anasonkhana kudzaononga mnzao, pomwepo asonkhane kudzakhala pamodzi.

Caciwiri ndizo zomangira zace. Miyala yace njomwe ija ipunthwitsa munthu m'njira za pa cisumbu. Cifukwa cace chalichico, ngakhale maonekedwe ace nga ku Ulaya, ndi nsanja ziwiri ndi maziko opingasa ngati mtanda, siciima ngati mlendo. Denga lace nla malata, ndipo silicita manyazi nao. Zipupa zace nzocindikira, kotero kuti wolowa masana a Okotobala apeza mthunzi ndi mphepo yozizira. Mipando ya oimba anaisema ndi mwala wofewa, nchito ya kudekha imene munthu aizindikira bwino akaikhudza ndi dzanja.

Cacitatu, ndipo cacikuru koposa, ndiko kukhalitsa kwace. Zapita zaka zoposa 120 ciikire mwala uja. Mwera waomba, mvula yadontha, malata acita dzimbiri. Koma mibadwo ya anthu osauka yasesa, yamata, yakhoma, ndipo nyumba iri ciimire. Kumanga kunatenga zaka zowerengeka, kusunga kwatenga miyoyo ya anthu ambiri.

Mau amene ayenera kulekeka

Pali mau amodzi amene olemba alandirana ngati mbale ya ndiwo, akuti chalichi ca Likoma cilingana kukula ndi ca ku Winchester, ku England. Mau awa sali oona. Ca Likoma citalika mamita ngati 100, pamene ca Winchester cipitirira mamita 160. Koma ngakhale akadakhala oona, ndikadawakanabe. Pakuti aphunzitsa munthu kuganiza kuti cinthu ca kwathu cikoma pokhapokha cikafanana ndi ca kwina. Amene anamanga ku Winchester anali ndi mafumu ndi cuma ca dziko lonse kumbuyo kwao. Amene anamanga pa Cipyela analibe ngakhale mitengo yokwanira pa cisumbu cao. Matabwa anaoloka nyanja, ndipo magalasi ndi malata anayenda ulendo wautali wocokera kunja kwa dziko. Codabwitsa cace ciri pamenepo, ndipo muyeso wa mamita suciona.

Colakwa caciwiri ca olemba ncakuti achula maina a Azungu okha. Inde, Frank George ayenera ulemu wace. Koma mutu umodzi susenza denga. Anaphwanya miyala ndani? Anaumba njerwa ndani, natunga madzi, nasenza mcenga pamutu kukwera nao citunda? Anali anthu a m'midzi ya pa cisumbu ndi a tsidya lija, makolo a iwo amene lero akoka cilimira. Ndipo mpingo umene unadzaza nyumbayo unali wa mitundu yambiri kuyambira paciyambi. Augustine Ambali, amene anaomboledwa mu ukapolo ali mwana, anagwira nchito zaka zambiri ku Msumba. Yohanna Abdallah, Myao, anakhala ku Unangu, nalemba mbiri ya Ayao imene inasindikizidwa m'caka ca 1919. Leonard Kamungu ananka kutali ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, namwalira komweko m'caka ca 1913. Ndipo Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, ndiye anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa Bishopu mu mpingo wa Anglican, m'caka ca 1965. Cithunzi cimene cionetsa miyala nicibisa anthu otere cagwira mcira nicitaya nyama.

Cinayamba ndi sitima

Pali cinanso cimene mbiri itiuza, ngati tiwerenga zaka m'ndondomeko yace. Oyamba aja sanayambe ndi chalichi cacikuru iai. Anayamba ndi sitima, Charles Janson, imene inalowa m'madzi m'caka ca 1885. Anamanga sukulu, naika makina osindikizira mabuku; Dr Robert Howard anadza m'caka ca 1899 nalimbitsa nchito ya cipatala; sitima yaciwiri, Chauncy Maples, inayamba kuyenda m'caka ca 1901. Zitatha izi zonse ndipo anaika mwala wa maziko. Kucokera pa sitima yoyamba kufikira pa mwalawo panapita zaka 18. Anthu aja anadziwa kuti pa cisumbu cinthu coyamba ndiyo njira yofikirapo, caciwiri ndiwo moyo wa okhalapo, ndi kuti nyumba yokongola idza pambuyo. Ife tatembenuza ndondomekoyi m'maganizo athu: tikumbuka cotsiriza, ndi kuiwala zoyamba zimene zinacinyamula.

Cifukwa cace ndinena kuti chalichi ca Petro Woyera catisiyira muyeso. Muyesowo ndi uwu: cinthu ca anthu onse cimangidwe pamalo pamene anthu asautsidwa, cimangidwe molingana ndi dziko lace, ndipo cikhale ndi ocisunga. Tiyeni titenge muyeso umenewu tinke nao ku Yofu.

Muyeso womwewo pa Yofu

Za doko. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja m'caka ca 1951. Ndipo kwa zaka zoposa 60 inkaima patali ndi gombe la Likoma, popeza panalibe pokoceza. Anthu, matumba a cimanga, malata, simenti, odwala ndi makanda, onse ankatsitsidwira m'mabwato ang'ono, kawirikawiri usiku, ndi kutsiriza ulendo akuyenda m'madzi. Alendo ena analemba za ici mokondwa, monga ngati masewera. Sanali masewera kwa nkhalamba yocokera ku cipatala ca ku Mzuzu, kapena kwa mai amene thumba lace la ufa linagwera m'madzi. Kumangidwa kwa doko m'zaka zino ncinthu coyenera kuyamikidwa ndithu. Koma doko ndi khomo cabe. Thumba likatsika liyenera kukafika pa mudzi, ndipo doko lopanda sitima yodalirika liri ngati nkhokwe yopanda munda.

Za njira. Pa Likoma pali bwalo la ndege lothiridwa phula, koma njira zambiri za m'midzi nza dothi ndi miyala, zokumbika ndi madzi nyengo ya dzinja. Sindinyoza bwalolo, ndege ikhoza kupulumutsa wodwala, ndipo alendo otsikapo apatsa nchito ana a pa cisumbu. Koma funsani kuti, mwa anthu 14,527 aja, ndi angati adzakwera ndege m'moyo wao, ndipo ndi angati adzayenda njira ya ku cipatala ca Petro Woyera. Mai wa pa Yofu akayamba kumva zowawa za kubala pakati pa usiku wa Febuluwale, cimene ciweruza mlandu wace ndi wa mwana wace ndiwo mkhalidwe wa njira iri pakati pa khomo lace ndi Cipyela. Pamenepo ndipo pali Cipyela ca masiku ano, malo a mantha ofunika kumangapo.

Za magetsi. Kwa zaka zambiri cisumbu cinadalira injini za dizilo, ndipo dizilo wace anali wodza pa sitima. Magetsi ankayaka maora owerengeka, nazima usiku. Bungwe la EGENCO, limene linapatukana ndi ESCOM m'caka ca 2017, linaika pambuyo pace magalasi okoka mphamvu ya dzuwa, a mamegawati 1.3 pa zisumbu zonse ziwiri. Nchito imeneyi ndiyo ifanana koposa ndi nzeru ya omanga chalichi, pakuti itenga cimene cisumbu ciri naco cocuruka. Koma muyeso uli ndi mbali yacitatu. Mabatire akalamba, magalasi asweka; kodi alipo ana a pa cisumbu ophunzitsidwa kuzikonza, kapena tidzadikiranso mmisiri wodza pa sitima? Ndiponso nthambo yopita pamwamba pa denga la munthu wosakhoza kulipira kuti ilowe m'nyumba siinamfikire munthuyo. Phindu la magetsi pa mudzi wa asodzi lidzaoneka tsiku limene msodzi adzakhala ndi madzi oundana osungira nsomba zace. Pakuti wopanda posungira agulitsa pa mtengo umene wogula anena.

Za madzi. Mlendo aona nyanja pa khomo nayesa kuti pano mlandu wa madzi palibe. Koma madzi a m'mphepete ndiwo omwe asambamo, acapiramo, natsukiramo nsomba. Ndipo kukumba cimbudzi nkobvuta pa thanthwe, pamene pa mcenga cigumuka. M'madzi otere mubisala likodzo ndi matenda a m'mimba. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, anasautsa kwambiri midzi ya m'mbali mwa nyanja. Cifukwa cace poyesa mpopi tisamafunse tsiku limene unatsegulidwa ndi nyimbo. Tifunse ngati utulutsa madzi caka cacisanu, ndi ngati alipo munthu wodziwika dzina amene asunga ndalama zogulira cosweka.

Kusowa koyesedwa kukongola

Apa ndipo ndipeza colakwa cacikuru ca cithunzi cija. Olemba atama Likoma cifukwa ca bata lace: ati kulibe phokoso la magalimoto, ati usiku kuli mdima wokoma ndi nyali za asodzi zonga nyenyezi pamadzi, ati nthawi inaima. Koma mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cimene iye aciyesa mpumulo wa masiku atatu, kwa mwini mudzi ndico mtolo wa zaka zonse. Nyali zija ndi amuna ogwira nchito usiku wonse m'mabwato amene mwera ukhoza kuwagubuduza. Ngalawa ya matanga imene ikongoletsa cithunzi yasenza nkhuni, cifukwa pa cisumbu mitengo yoti nkudula inacepa kale. Ndipo nthawi siinaime konse: ana a pa Yofu alemba mayeso omwewo alemba ana a ku Lilongwe, ndipo wocenjeza mayeso safunsa ngati anawerengera pa getsi kapena pa koloboyi.

Sindinena kuti bata ncoipa, kapena kuti Likoma asanduke Limbe. Ndinena kuti woyenera kusankha cimene cikhale ndi cimene cisinthe ndiye amene adzagona pomwepo mawa. Wolemba akatama kusowa kwa mnzace ndi mau okoma, athandiza kuti kusowako kukhalitse. Pakuti akuru oweruza za ndalama nawonso awerenga timapepala tomweto, nayesa kuti ku Likoma kulibe wodandaula.

Mau a otsutsa

Wina adzati, Anthu a pa zisumbu ngocepa. M'dziko limene linawerenga anthu oposa 17 miliyoni m'caka ca 2018, kodi nkoyenera kutayira cuma cambiri pa anthu osafika 15,000, pamene thumba la simenti lifika kumeneko litakwera mtengo? Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Kuli midzi yambiri kumtunda yopanda mjigo. Koma yankho lace nlakuti wa kumtunda ali ndi njira zina: mlatho ukagwa azungulira, cipatala cikasowa mankhwala anka ku cina. Wa pa cisumbu alibe pozungulira. Ndiponso dziko limene lisunga zisumbuzi m'malire ace, nilikondwera kuonetsa chalichi cao kwa alendo, lalandira pamodzi ndi ulemuwo mangawa ace. Walira mvula walira matope.

Winanso adzati, Mwaika mlandu wonse pa olemba ndi pa Boma. Nanga eni ace? Uyu wanena zoona. Mishoni inaunjika zabwino zace zambiri pa Cipyela, nizoloweretsa anthu kuti zinthu zazikuru zidza pa sitima kucokera kutali. Ndipo cizolowezi cimeneci sicinathe. Sukulu za Likoma zinaturutsa aphunzitsi, alembi ndi amisiri amene anabalalika kufikira ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku South Africa. Ana ao ali lero m'maofesi a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Ambiri akumbuka kwao pa maliro ndi pa nyengo ya malipenga, ndipo akamva kuti denga la chalichi lidontha asonkha msanga. Acita bwino. Koma mtima womwewo ukhoza kusonkhera ngalande ya pa njira, cimbudzi ca pa gombe pamene ayanika usipa, ndi maphunziro a mnyamata mmodzi wokonza mipopi. Mafumu a pansi pa Mkumpha, akuru a mipingo yonse ndi ana a kutali akagwirizana pa zotere, sadzakhala akuyamba cacilendo. Adzakhala akubwereza cimene makolo ao anacita pakati pa 1903 ndi 1911.

Ciweruzo cace

Tsono tinene ciani za cithunzi cija? Ncokongola, koma ncoperewera. Cionetsa cimene makolo anatsiriza, nicibisa cimene ana sanatsirize. Za chalichi tinena kuti ndi nchito yabwino, yoposa mau amene aitamira nao. Za nchito zatsopano tinena kuti doko ndi magetsi a dzuwa zayamba bwino, koma ciweruzo cao cidikira zaka, pakuti sizinayesedwe ndi dzimbiri. Ndipo njira, madzi ndi zimbudzi ziri kumbuyo.

Inu owerenga amene mudzanka ku Likoma, kalowenitu m'chalichi, mukakhudze miyala yace. Koma mukaturuka musabwerere ku doko msanga. Tengani njira ya kumpoto ca pansi, muwerenge maenje ace, mufunse amai pa gombe kumene atunga madzi akumwa, ndi mtengo wa ufa sabata limene sitima siinadze. Ndipo inu olemba ndi ojambula, mukadzalembanso za cisumbu cimeneci, lembanimonso Yofu, ndi maina a zinthu zimene anthu ace adikira.